Nantchengwa wanga wathawanso

Ndimadzuka tambala woyamba n'kupita kudambo lakuseri kwa phiri la Kasungu, kamera m'khosi. Mwezi wa Novembala uno anamzeze afika kuchokera ku Ulaya, atchete aamuna avala chikasu ndipo ali kalikiliki kuluka zisa m'bango. Koma amene ndamulondalonda masabata atatu ndi nantchengwa, mbalame yomanga chisa chachikulu moti munthu atha kuimapo osagwa.

Lero anatera pafupi, dzuwa likumuwalira bwinobwino. Ndinagwada m'matope, mpweya nditaugwira, chala chili pabatani. Kumbuyo kwanga ndinangomva, "Achimwene, mwadzuka bwanji? Tatijambulaniko ifenso!" Anali bambo wina, wailesi ili pahandulo ya njinga yake, ikuimba ngati pa chinkhoswe. Mbalame ija yangoti phululu, ine ndajambula nthambi yopanda kanthu.

Moni sindikana ayi, ndinaleredwa ndi agogo. Koma munthu wamkulu ndithu, waona mnzako wanyonyomala m'thope ngati akuwedza milamba, sungadikire mphindi ziwiri? Kenaka mafunso aja osatha: "Mukazijambula mumakagulitsa kwa azungu?" "Nanga osangotchera ulimbo bwanji, ndiwotu zimenezi?" Ana a malegeni nawonso amanditsata chapatali, akudziwa kuti kumene ndaloza kamera ndi kumene kuli nyama. Ndasanduka mlozi wawo wosalipidwa.

Anzanga akuti ndizipita ku damu la Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu, kukajambula nkhwazi mwamtendere. Mafuta ake andigulira ndani? Mukhadi la kamera muli zithunzi za nthambi zokhazokha, ndi cha bambo wa njinga uja akumwetulira.