Chinsinsi cha munthu wodzafuna uphungu ndi cha ndani?

Pa nkhani ya uphungu kuno kwathu pali chinthu chimene chimandisowetsa mtendere: zoyenera kusunga timaziulula, koma zoyenera kuulula ndiye timazikwirira.

Mayi apita kwa abusa, alira, afotokoza kuti kuchipatala amupeza ndi kachilombo ndipo bambo akunyumba sakudziwa. Lamulungu lomwelo nkhani yalowa mu ulaliki. Dzina silitchulidwa, inde, koma mukanena kuti "mayi wina wa ana atatu, amuna ake amayendetsa thiraki ya ku Beira", mumpingo wa pamudzi ndani angasokonezeke? Kumsonkhano wa amayi Lachinayi nakonso: "Tiwaikize m'mapemphero amayi uje, ali pamavuto." Pofika madzulo, pachitsime ponse adziwa mtundu wa mavutowo. Ndiye tikudabwa chiyani kuona munthu akulipira kabaza kukalandira ma ARV kuchipatala chakutali, chapafupi chilipo?

Koma mkazi yemweyo abwere kwa ankhoswe diso litatupa, mlomo utang'ambika, pamenepo aliyense amadziwa kusunga pakamwa. "Banja ndi kupirira, mwanangu. Za m'nyumba sizituluka pabwalo." Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja tili nalo kuyambira 2006, kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, koma ankhoswe ambiri amaona ngati kumulozera kumeneko ndi kupasula banja la eni.

Azungu nawonso inawavuta nkhaniyi. Mu 1969 ku Berkeley, ku California, mnyamata wa pa yunivesite Prosenjit Poddar anauza katswiri amene ankamupatsa uphungu kuti akufuna kupha mtsikana wina. Katswiriyo anadziwitsa apolisi a pasukulupo, iwo anamugwira mnyamatayo n'kumumasula ataona ngati ali bwinobwino. Mtsikanayo, Tatiana Tarasoff, palibe anamuchenjeza, ngakhale makolo ake. Mu Okutobala chaka chomwecho anaphedwa. Makolo anakasuma, ndipo mu 1976 khoti lalikulu la California linagamula kuti wopereka uphungu akadziwa kuti moyo wa munthu wina uli pachiswe, ali ndi udindo wochitapo kanthu kuti amuteteze.

Ine ndimagwirizana nacho chigamulo chimenecho, bola tisachitambasule mpaka chikhale chiphaso cha miseche. Chinsinsi mwini wake ndi amene wachinena. Mlangizi wangosungitsidwa, ngati katundu wa mlendo amene wamusiya pakhonde panu kuti adzamutenga pobwerera. Malire alipo: pamene mwana akugwiriridwa, pamene munthu wanena kuti adzipha kapena apha mnzake, pamene kumenya kwafika poti tsiku lina tidzanyamula maliro. Kupitirira apo, kaya ndi ngongole, chibwenzi chamseri, kusabereka, sizikukhudza mpingo, sizikukhudza akazi anu a inu mlangizi mukafika kunyumba usiku.

Pamene pamandiimitsa mutu ndi apa. Bambo wayezetsa, amupeza nako, ndipo akuti, "Akazi anga musawauze, andithawa." Mkaziyo mwina ndi woyembekezera. Mukakhala chete, mukuika mayi ndi mwana pangozi yoti ikanapeweka ndi mankhwala. Mukathamanga kukaulula, bamboyo sadzabweranso, ndipo anzake onse kubawo adzamva kuti kuchipatala kuja sasunga mawu. Alangizi odziwa ntchito yawo sasankha msanga. Amakhala naye pansi bamboyo, amamufunsa chimene akuopa kwenikweni, amamupempha kuti abwere ndi mkazi wake ayezetsere limodzi, zotsatira azimvere pamodzi pali munthu wachitatu wowagwira mtima. Zimatenga nthawi, nthawi zina zimakanika, ndipo mlangizi amagona nazo mumtima. Amene amati yankho lake ndi lapafupi sanakhalepo m'kachipinda kaja.

Chimene ndingapemphe abusa, mashehe, ankhoswe, anamkungwi ndi aphunzitsi olangiza ana kusukulu ndi choti malirewo azinenedwa poyambirira, munthu asanatsegule pakamwa: "Zimene mundiuze zithera pompano, pokhapokha ndikaona kuti moyo wanu kapena wa wina uli pangozi, ndipo zikatero ndiyamba ndakuuzani inu ndisanapite kwina." Ndipo abusa, mukafuna chitsanzo cha ulaliki, pemphani kaye chilolezo kwa mwini nkhani. Akakana, m'Baibulo nkhani zadzaza.