Vuto si mapadi a mabuleki, ndi kalipa yogwira osamasula

Dzulo ndinakwiya, mpaka pano mtima sunatsikebe. Alamu anga anafika pakhomo galimoto ikununkha chopserera, gudumu lakutsogolo kumanja litatentha moti nditangoyandikiza dzanja ndinabweza msanga. Kuwafunsa chavuta n'chiyani, akuti mapadi a mabuleki a masiku ano ndi achabechabe, sakhalitsa. Aka n'kachitatu kusintha mapadi chaka chino! Kachitatu, gudumu lomwelomwelo.

Tinachotsa tayala. Padi yam'kati yadyeka mpaka chitsulo chikukhula disiki, chimbale chachitsulo chozungulira limodzi ndi gudumu, yakunja ikadali yonenepa ngati yagulidwa dzana. Ndinati, "Alamu, taonani ndi maso anuwo. Mapadi awiriwa munagula tsiku limodzi, m'bokosi limodzi. Akanakhala achabechabe bwenzi atatha onse." Iwo duu.

Mabuleki akamagwira osamasula, vuto si mapadi. Ndibwerezenso kuti amene ali kutali amve: si mapadi! Padi ilibe nzeru, imangopita komwe yakankhidwa. Kalipa, chitsulo chopana mapadi pa disiki, ndiyo imayenera kufinya mukaponda mabuleki, n'kumasula mukachotsa phazi. Ikakana kumasula, padi imakhula disiki ulendo wonse, galimoto imakokera mbali imodzi, mafuta oyendetsera galimoto nawo amangotha. Inu n'kukagula mapadi ena, kuwaveka pa kalipa yomweyo yodwala, n'kumati mwakonza. Mwakonza chiyani?

Kalipa yambiri imatsetsereka pa mapini awiri. Pa galimoto ya alamu, pini imodzi inatuluka ndi zala, inayo tinachita kulimbana nayo ndi pulayala. Kutuluka kwake ili gwa, yofiira ndi dzimbiri, kalabala kake kotchinga fumbi katafufuma n'kung'ambika. Anapakamo girisi wamba, wa ma bearing uja. Girisi wotero amatupitsa labala, madzi ndi fumbi n'kupeza polowera. Pamapini pamafunika girisi wa silikoni wopangidwira mabuleki, basi. Akanafunsa bwenzi atauzidwa kalekale, koma safunsa anadya phula.

Ndipo ntchito yake ndi yochepa, n'zimene zikundipweteka kwambiri. Kutsuka mapini mpaka awale, kupala dzimbiri pomwe makutu a padi amakhala kuti padiyo iziyenda ndi chala chokha, kusintha timalabala tong'ambika. Pisitoni ya m'kalipa, yokankha padi, mumaibweza pang'onopang'ono ndi kilampu, osati kuikhoma ndi hamala ngati mmene ankafunira alamu. Ikakana kubwerera, masulani kaye kanipo kotulutsira mpweya. Ikabwerera mosavuta kanipo katamasulidwa, dziwani kuti paipi yalabala yawonongeka m'kati, ikutsekereza mafuta a mabuleki. Ikakanabe, pisitoni yadyedwa ndi dzimbiri, kalipayo ikonzedwe kapena isinthidwe. Zimachitika chifukwa mafuta a mabuleki, kaya ndi a mtundu wa DOT 3 kaya DOT 4, amayamwa chinyezi, ndipo anthu amatha zaka zisanu osawasintha pomwe opanga magalimoto ambiri amati zaka 2 zakwana.

Zonsezi palibe pomwe pakunena kuti gulani mapadi ena n'kumapita. Mapadi atsopano pa kalipa yogwira n'kutaya ndalama, komanso n'kuseweretsa moyo wa ana amene mumawanyamula kumbuyoko. Kutentha kuja kukafika powiritsa mafuta a mabuleki, mudzaponda pedulo n'kupita mpaka pansi, galimoto osaima. Tsiku limenelo mudzanenanso kuti mapadi ndi achabechabe?

Chinanso chinandinyansa: ndinangolowa m'nyumba kukatenga nsanza, pobwera ndapeza alamu alowetsa mutu kunsi kwa galimoto itangokhala pa jeke yokha, kalipa ili lende pa paipi yake ngati chinthu chotayidwa. Waya womangirira kalipa ali pomwepo, zochirikizira galimoto zili pomwepo! Titamaliza anafunanso kungoliza injini n'kunyamuka osapopa pedulo kuti mapadi agwire disiki. Makiyi ndinachita kuwalanda.