Kalata ya liwiro ikafika musaiponye m'dirowa: chenjezo kwa oyendetsa galimoto athu ku Britain

Ana inu amene mukuyendetsa galimoto ku England ndi ku Wales, makamaka inu osamalira okalamba amene mumathamanga khomo ndi khomo kuopa kuchedwa, tcherani khutu. Zimene mukuchita ndi makalata a apolisi sizabwino ayi. Kamera ikakujambulani koyamba mukupyola malire a liwiro, ena mukuponya kalatayo m'dirowa poganiza kuti iiwalika. Ena mukuthamangira pagulu la WhatsApp kukafunsa anthu oti sanapondepo m'khoti, n'kubwerako mutalimba mtima kuti "ine ndikakana basi". Ena ndiye mukuchita choopsa kuposa zonse, kulemba dzina la munthu amene sanali pachiwongolero.

Kalata yoyambayo imatchedwa Notice of Intended Prosecution, ndipo imabwera ndi fomu ya Section 172 yofunsa kuti ankayendetsa ndani. Muli ndi masiku 28 oti muyankhe. Kutchula woyendetsa si kuvomera mlandu. Mutha kulemba dzina lanu lero n'kudzakana mlandu wa liwirowo pambuyo pake. Koma kukhala chete ndi mlandu wina pawokha, wolemera kuposa liwirolo: mapointi 6 achilango palaisensi, chindapusa chotha kufika £1,000, ndipo palaisensi amalembapo MS90, chizindikiro chimene makampani a inshuwalansi amadana nacho kwambiri. Munthu anathamanga mamailosi 36 pa ola pamalo a 30, nkhani yoti ikanatha ndi maphunziro a maola atatu, iye n'kudzitengera mapointi 6 chifukwa cha ulesi wong'amba envelopu. N'chiyani chimenechi?

Ambiri a inu mapointi 6 amenewo simungawapirire. Laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene munayamba kukhala m'dzikomo, ndipo saisinthanitsa ndi ya ku Britain. Mumayenera kulemba mayeso. Mukakhoza, lamulo la oyendetsa atsopano la 1995 limakuonani ngati watsopano kwa zaka ziwiri, ngakhale munayendetsapo minibasi ya pa Lilongwe ndi Blantyre zaka khumi. Mapointi akafika 6 m'zaka ziwirizo, DVLA, bungwe la boma loona za malaisensi ndi kalembera wa galimoto, imalanda laisensi, mumabwerera ku yophunzirira, n'kulembanso mayeso onse awiri, a malamulo a pamsewu ndi oyendetsa. Kwa munthu amene ntchito yake imadalira galimoto, apo ndiye kuti ugali watayika.

Mukabweza fomu, apolisi amasankha chimodzi mwa zitatu. Ngati simunapyole kwambiri ndipo simunachitepo maphunziro a liwiro m'zaka zitatu zapitazi, kawirikawiri amakupatsani mwayi wa maphunzirowo: pamalo a 30 ndi kuyambira 35 mpaka 42, pamalo a 70 ndi 79 mpaka 86. Mumalipira pafupifupi £100 malinga ndi dera, mumakhala m'kalasi kapena pa intaneti, ndipo mapointi palibe. Ndi chisomo cha apolisi, si ufulu wanu, ndipo ku Scotland kulibe. Chachiwiri ndi chindapusa chokhazikika cha £100 ndi mapointi 3, choyenera kuvomerezedwa m'masiku 28. Chachitatu ndi khoti, kwa amene anapyola moonjeza, monga 50 pamalo a 30 kapena 96 pamalo a 70.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Chindapusa cha liwiro sichili ngati tikiti yoimika galimoto polakwika, yoti mumalembera khonsolo kalata yodandaula. Njira yochikanira ndi imodzi yokha, kupita kwa majisitireti, ndipo mukatero mwayi wa £100 ndi wa maphunziro uja wapita. Kukhoti chindapusa amawerengera malipiro anu a pa sabata. Pamalo a 30, liwiro la 31 mpaka 40 ndi theka la malipiro a sabata ndi mapointi 3; 41 mpaka 50 ndi malipiro a sabata yonse ndi mapointi 4 mpaka 6 kapena kuletsedwa kuyendetsa masiku 7 mpaka 28; kuyambira 51 ndi sabata ndi theka, mapointi 6 kapena kuletsedwa mpaka masiku 56.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mayi amalandira £450 pa sabata msonkho utachotsedwa, wajambulidwa pa 41 pamalo a 30. Apolisi am'patsa maphunziro. Iye, pomvera anzake, wakana n'kupita kukhoti, ndipo wagonja. Chindapusa £450. Pamwamba pake pali ndalama yothandizira olakwiridwa, 40 peresenti ya chindapusa, ndiye £180. Ndalama zoyendetsera mlandu umene wazengedwa mpaka kumapeto zimapitirira £600. Zonse pamodzi zadutsa £1,200, mapointi 4 kapena kuposa, tsiku la ntchito latayika, loya sanalipidwe. Poyamba paja inali £100 popanda pointi ngakhale imodzi. Safunsa anadya phula.

Ndiye musanakane, dzifunseni kuti mukakanira chiyani. "Sindinaone chikwangwani" sichifukwa: mumsewu wokhala ndi magetsi a m'mbali, ngati palibe chikwangwani china, malire ndi 30, ndipo ku Wales ndi 20 kuyambira pa 17 September 2023. "Panalibe chochenjeza za kamera" sichifukwa, lamulo silikakamiza apolisi kukuchenjezani. "Aliyense amathamanga choncho", "ndimachedwa kwa wodwala", "aka n'koyamba", zonsezi majisitireti amazimva tsiku ndi tsiku, ndipo ndi kuvomera mlandu kumene. Nkhani ija mumauzana yoti pali 10 peresenti ndi mamailosi 2 zaulere ndi malangizo chabe amene apolisi amatsatira posankha woti am'tsate. Lamulo limati 31 pamalo a 30 ndi mlandu. Zoti makina anali olakwika zimafuna umboni wa katswiri wolipidwa, osati kungolumbira kuti simunathamange.

Zifukwa zenizeni zilipo, ndipo amene ali nazo asaope. Ngati galimoto ya pachithunzi si yanu, wina anakopera nambala, pemphani zithunzi kwa apolisi, muyang'ane mtundu, magudumu, zomata pagalasi, kenaka mukapereke lipoti kupolisi ndi ku DVLA. Ngati munali mutaigulitsa kale, tulutsani umboni wa tsiku logulitsa. Ngati chikwangwani chosintha malire chinagwa, chinaphimbidwa ndi masamba kapena panalibiretu, pitani sabata yomweyo mukajambule muli pamalo amene woyendetsa amaonera, masamba asanadulidwe.

Za masiku 14 ndizo mukunamizana kwambiri. N'zoona kuti kalata yoyamba iyenera kufika kwa mwini galimoto wolembedwa ku DVLA pasanathe masiku 14 chichitikire mlandu, ndipo ikachedwa mlandu utha kugwa. Koma taonani mawuwo: mwini wolembedwa, pa adiresi yolembedwa. Ngati galimoto ndi ya kampani kapena yobwereka, masikuwo anathera pa kalata imene inapita kwa eni ake, yanu itha kubwera patatha miyezi iwiri. Ngati munasamuka osasintha adiresi pa V5C, chikalata cha kalembera wa galimoto, vuto ndi lanu, ndipo kusasinthako kuli ndi chindapusa chakenso chofika £1,000. Inu amene mumasamuka nyumba chaka ndi chaka, kusintha adiresi palaisensi sikusintha ya pa V5C, ndi zinthu ziwiri. Wapolisi akakuimitsani pamsewu n'kukuchenjezani pakamwa, za masiku 14 palibenso. Ndipo ngakhale kalata itachedwadi, sungani envelopu yake koma fomu ya Section 172 bwezanibe.

Galimoto imodzi yoyendetsa anthu anayi m'nyumba, chenjerani nayo. Kulemba kuti "sitikudziwa anayendetsa" sikumveka pokhapokha mutaonetsa kuti munafufuza ndithu: ndandanda ya kuntchito, malisiti a mafuta, zimene foni ikuonetsa za kumene munali.

Koma inu olemba dzina la mlamu amene anabwerera kumudzi, kapena mkazi wanu poti laisensi yake ndi yoyera, lekani lero. Umenewo si mlandu wa pamsewu, ndi wopotoza chilungamo, ndipo chilango chake nthawi zambiri ndi ndende. Chris Huhne anali nduna ya boma la Britain. Galimoto yake inajambulidwa pa msewu waukulu wa M11 mu 2003, mkazi wake Vicky Pryce n'kutenga mapointi m'malo mwake. Patatha zaka khumi, mu 2013, aliyense anagamulidwa miyezi isanu ndi itatu. Fiona Onasanya, yemwe anali phungu wa Peterborough komanso loya, anagamulidwa miyezi itatu mu 2019 ponama za woyendetsa. Ngati nduna ndi phungu anagwidwa, inu wa viza ya ntchito mudzabisala kuti? Mukatchula munthu wakunja, apolisi amatha kufuna umboni woti analidi m'dzikomo ndiponso kuti anali ndi inshuwalansi. Pomwepo bodza limabala linzake. Ndipo chigamulo cha khoti mudzafunsidwa za icho popempha chilolezo chokhalitsa kapena unzika.

Mukavomera mapointi, amakhala palaisensi zaka zinayi, ndipo a inshuwalansi ambiri amafunsa za zaka zisanu. Auzeni zoona pokonzanso inshuwalansi, chifukwa akadzatulukira pa tsiku la ngozi atha kukana kulipira.

Nkhani ikapita kukhoti mudzalandira kalata yofunsa ngati mukuvomera kapena kukana mlandu, yotchedwa Single Justice Procedure Notice, ndipo muli ndi masiku 21 oyankha. Dzazani ndi fomu ya malipiro anu, chifukwa mukapanda kutero khoti limangoganizira lokha ndalama zimene mumalandira n'kugamula inu kulibe. Kuvomera msanga kumachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a chindapusa. Ngati muli ndi chifukwa chenicheni chokanira, kapena laisensi ili pangozi yolandidwa, tengani makalata onse, envelopu ndi zithunzi, mukaonane ndi loya wa milandu ya pamsewu musanalembe kalikonse pafomuyo.