Anthu aulumali ali ndi pakamwa pawo, tisiye kuwayankhulira

Maganizo anga lero, ena mwina sizikusangalatsani koma ndinena ndithu.

Chaka chilichonse ikafika 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu aulumali pa dziko lonse, timaona zomwezomwezo, mabwana afika ndi magalimoto, matenti akhomedwa, apereka mawilitcheya angapo ndi matumba a ufa, zithunzi mbwee pa Facebook kenako aliyense kwawo mpaka chaka chamawa. Sindikuti kupereka nkoipa ayi, munthu amene amakwawa pansi wilitcheya imamusinthira moyo zedi. Chimandiwawa ine nchoti ambirife tikaona munthu waulumali timangoona munthu wofunika kumumvera chisoni basi, ngati kuti alibe mbiri yake, alibe mabungwe ake, sangaziyankhulire yekha.

Chonsecho mbiriyo ilipo. Nthawi ya Kamuzu mu 1971 kunabwera lamulo lomwe linakhazikitsa MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, ndipo kudzera mmenemo kunabwera fakitale yoluka ija ya ku Bangwe komanso sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero. Amipingo nawo anali ndi sukulu zawo, osaona ku Chilanga ku Kasungu ndi ku Lulwe ku Nsanje, osamva ku Maryview ku Nguludi, ku Mua ndi ku Embangweni. Zinathandiza anthu ambiri, sindingatsutse, koma kaganizidwe kake kanali koti ena aziwaganizira iwo azingolandira. Zinayamba kutembenuka pomwe eni ake anati basi tatopa kukhala pa benchi, osaona ndi bungwe lawo, osamva ndi MANAD yawo, makolo a ana aulumali nawo, mpaka mu 1999 anabwera pamodzi nkupanga FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali. Kuti Malawi ivomereze pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, kuti kubwere Disability Act mu 2012, kuti mu 2024 kubwere lamulo latsopano lomwe lasintha MACOHA kukhala MACODA, sikuti andale anangodzuka ndi mtima wabwino, ndi anthuwa amene ankagogoda maofesi zaka ndi zaka mpaka zinatheka.

Kodi ana athu amawadziwa mayi Rachel Kachaje? Anadwala poliyo ali mwana, ankayendera wilitcheya, koma anamenyera ufulu wa amayi aulumali mu Africa muno mpaka kunja, ndipo mu 2013 anakhala nduna mu boma la mayi Joyce Banda. Anatisiya mu 2020. Nanga a Overstone Kondowe, amene anatsogolerapo APAM, bungwe la anthu achialubino, nthawi imene abale athu achialubino amasakidwa ndi kuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro zopanda mutu, iwowo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anawavotera kukhala phungu, munthu woyamba wachialubino kulowa mu Nyumba ya Malamulo kuno kwathu. Amenewa sanapatsidwe mipandoyo mwa chisoni.

Ndiye pa pepala tili bwino. Tsono tsikani pansi muone. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita mmwamba ali ndi ulumali, anthu oposa 1.5 miliyoni amenewo, si nkhani ya kagulu kochepa ayi. Koma pa siteji kondakitala akaona wilitcheya amauza dalaivala kuti tiyeni, akakutenga ndiye wilitcheyayo ulipire ngati katundu, pomwe imeneyo ndi miyendo ya munthu. Ofesi yatsopano kumangidwa masitepe okhaokha, kapena aika kanjira kotsetsereka koma koima kwambiri moti sungakwere popanda anyamata awiri okukankha. Wachialubino kupita ku chipatala chaching'ono kumuuza kuti mafuta oteteza ku dzuwa atha, pomwe khansa ya pakhungu ikuwatha anthu mwakachetechete.

Imene imandipweteka kwambiri ndi ya osamva ku chipatala. Mayi wamkulu, wa pabanja pake, alowa kwa dokotala koma palibe womasulira chinenero cha manja, ndiye amene azifotokoza matenda ake ndi mwana wake wa sitandade 6 kapena neba. Taganizani matenda ena aja oti olo mchemwali wako sungamuuze, lero awamve mwana. Ena amangosiya osapitako. Ena amalandira mankhwala osamvetsa kamwedwe kake chifukwa anesi anangoloza ndi zala mwachangu, mzere utatalika panja. Ndipo dokotalayo nthawi yonse maso ali pa womuperekezayo, kufunsa kuti "akumva bwanji awa?" mwini wake ali pomwepo.

Za amayi aulumali ndi amuna obwera usiku masana nkuwakana, mimba nkuithawa, mukuzidziwa nonse mmidzimu. Za ana otsekeredwa mnyumba kuopa manyazi alendo akabwera nazonso mukuzidziwa.

Koma mukakhala nawo pafupi anthuwa mupeza kuti ali ndi moyo wawo wokoma umene ifeyo sitiuona. Osamva akakumana macheza ake satha msanga, manja ali yakaliyakali, nthabwala, mikangano ya Bullets ndi Noma, ndipo video call ya pa WhatsApp yawalumikiza kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje. Ena ali ndi banki mkhonde zawo, amabwerekana mpamba, amadziwitsana kumene akukonza ndodo ndi mawilitcheya, amene anaphunzira amawerengera anzawo zimene lamulo likunena. Mayi amene wangobereka mwana waulumali, apongozi akumuloza chala kuti walodzedwa kapena anachimwa, amene amamulimbitsa mtima kwenikweni ndi mayi mnzake amene anadutsamo kale.

Ndiye pempho langa ndi ili, a mfumu, a khansala, abusa ndi inu a komiti ya sukulu. Posankha VDC kapena komiti ya chitukuko muikemo munthu waulumali woti azivota nawo, osati kumuitana tsiku logawa zinthu lokha. Pulani ya chipatala kapena buloko ya sukulu isanadutse ku khonsolo aione kaye amene amayendera wilitcheya. Boma lilembe ntchito omasulira chinenero cha manja mzipatala za maboma onse, akhale pa malipiro ngati wina aliyense, ndipo MACODA ipatsidwe ndalama zokwanira zoti izitha kuyendera malo amenewa ndi kutengera ku lamulo amene akuphwanya.