Amene akusankhira mwana wanu yunivesite ndi ndani?

Zotsatira za A Level zikangotuluka, magulu athu a pa WhatsApp kuno ku Harare amadzaza ndi zithunzi za mayunivesite akunja. Nyumba zagalasi, kapinga wobiriwira, ana akumwetulira, m'munsi mwake nambala ya ejenti wa m'tauni. Ndiye makolo a ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Highfield amayamba kufunsana kuti mwana apite ku yunivesite ya boma kapena ya pulayiveti. Maganizo anga ndi awa, wokwiya akwiye: ngati mwana akukaphunzira kunja, yambani mwagogoda ku ya boma. Ya pulayiveti ibwere pambuyo, mutaifufuza ndi maso anu.

Chifukwa changa chachikulu ndi ejenti yemweyo. Dzifunseni, abale anga, munthu ameneyu amadya pati? Sukulu zambiri zimene amatsatsa zimamupatsa komishoni pa mwana aliyense amene walembetsa. Choncho akamati "iyi ndiye yabwino", akunena yabwino kwa iyeyo. Ku Wits, ku University of Cape Town kapena ku University of Zambia malo amachita kulimbirana, mwana amalemba yekha fomu pa intaneti, amadikira, mwina amakanidwa. Kukanidwako kumawawa, koma kukusonyeza kuti sukuluyo imayang'ana magiredi. Sukulu imene yatumiza kalata yovomera sabata isanathe, osafunsa n'komwe kuti masamu anakhoza bwanji, ikuyang'ana thumba lanu.

Nanga "sikolashipu ya theka" imene sukulu zoterezi zimalonjeza ija? Mtengo aika okha, achotsera okha, inu n'kumathokoza Mulungu. Zili ngati wamalonda wa mumsika wa Mupedzanhamo amene wayambira pamwamba kuti mukanenerera muzione ngati mwapambana. Lendi, chakudya, chilolezo chokhalira m'dzikomo, zonsezo zikudikirabe madola anu. Ana ambiri a ku Zimbabwe anapita ku Northern Cyprus mwa njira imeneyi, atauzidwa kuti akapeza ganyu n'kumadzilipirira okha. Dera limeneli ndi Turkey yokha imene imalivomereza kuti ndi dziko, mayunivesite ake ambiri ndi a pulayiveti, ndipo ganyu wolipira fizi ndi lendi pamodzi sapezeka wamba.

Pali china chimene ambiri aife sitikudziwa. Mu 1997 mayiko a SADC anasainirana pangano la maphunziro, ndipo anasainira ku Blantyre kwathu komwe. Anagwirizana kuti mayunivesite azisungira ana a mayiko anzawo malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndiponso kuti pa nkhani ya fizi aziwatenga ngati eni dziko. Si onse amene amatsatira bwinobwino, koma ku South Africa mayunivesite ambiri a boma amalipiritsa mwana wa ku Zimbabwe kapena ku Malawi fizi ngati ya nzika, n'kuwonjezerapo kandalama ka alendo. Ejenti sangakuuzeni zimenezi, mulibe chake.

Ndipo bwanji timaiwala kumudzi, ku Malawi? Mwana wobadwira ku Dzivarasekwa kuno ku Harare, kwa iye Zomba ndi kunja ndithu. Kuli UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, zimene zinayamba kuyenda pazokha mu 2021, kuli LUANAR ya zaulimi, Mzuni ndi MUST ya ku Thyolo. Mufunse kaye ngati amuwerenga ngati Mmalawi kapena mlendo, chifukwa fizi zake zimasiyana. Mwina n'kuphunzirako Chichewa chenicheni, asiye kutiyankha m'Chishona.

Sindikunena kuti za boma ndi paradaiso ayi. Matenda ake ndi sitiraka. Tinaona tokha aphunzitsi a University of Zimbabwe atanyanyala ntchito miyezi ingapo mu 2025 chifukwa cha malipiro. Ku South Africa zionetsero za #FeesMustFall, zokana kukwera kwa fizi, zinatseketsa makalasi mu 2015 ndi 2016. Chancellor College inakhala yosaphunzitsa miyezi yambiri mu 2011 pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi. Mwana ali kunja, sukulu yatsekedwa, lendi ikuyendabe, viza ikutha. Kholo limene lasankha pulayiveti pothawa zimenezi sindingaliseke.

Komanso za pulayiveti si zofanana zonse. Za mipingo zakhalitsa ndipo mbiri yake imadziwika. Africa University ya a Methodist ku Old Mutare inayamba mu 1992 ndipo imalandira ana a m'mayiko ambiri a mu Africa. Solusi ya a Adventist ili kufupi ndi Bulawayo. Ku Malawi kuli Catholic University ku Nguludi ndi University of Livingstonia. Izi mungapite, kuona laibulale, kucheza ndi amene anamaliza kumeneko. Zimene ndikukana ine ndi zija timangozidziwira pa kapepala ka ejenti.

Kaya mwasankha iti, musanatulutse ngakhale dola imodzi funsani kumene mwanayo adzagwire ntchito ngati digiriyo adzailandira. Mabungwe a boma oona ngati digiri ndi yovomerezeka ndi awa: kuno ndi ZIMCHE, ku Malawi ndi NCHE, ku South Africa ndi SAQA. Funsani za kosi yeniyeniyo, osati dzina la sukulu lokha, chifukwa yunivesite ikhoza kukhala yolembetsedwa koma kosi ina isanavomerezedwe. Udokotala, unamwino ndi zamalamulo zili ndi makhonsolo akeake, ndipo kumeneko kulibe chibale. Pa zamalamulo muchenjere kwambiri: Zimbabwe imayendera malamulo a Roman-Dutch ngati South Africa, pamene Malawi ndi Zambia anatengera a ku England. Mwana akakaphunzira ku Lusaka, ya boma kapena ya pulayiveti, akadzabwerera kuno adzayenera kulembanso mayeso a Council for Legal Education asanaime m'khoti, ndiye chaka ndi ndalama za mayesowo muziwerengeretu panopa.