Musanagule makapisozi azitsamba otsitsa shuga

Maganizo anga pa makapisozi azitsamba amene akuti amatsitsa shuga m'magazi ndi awa: maumboni a anthu asakukopeni, tembenuzani botololo muwerenge kumbuyo.

Kodi alemba mlingo wa chitsamba chilichonse pachokha? Ngati angondandalika mayina khumi n'kupereka nambala imodzi ya zonse pamodzi, lisiyeni. Tengani chitsanzo cha berberine, mankhwala opezeka m'zitsamba zina. Pa kafukufuku wambiri anthu ankamwa mamiligalamu 500 kawiri kapena katatu patsiku, ndiye kapisozi wa mamiligalamu 600 wogawana zitsamba khumi angafikeko bwanji? Ngakhale mlingo utakwana, berberine amatsegula m'mimba kapena kudzimbitsa, amasokoneza mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala ena, ndipo ngwosayenera kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Sinamoni wa mtundu wa cassia nayenso ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa coumarin, amene akachuluka amavulaza chiwindi. Malire a coumarin ndi mamiligalamu 0.1 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, kutanthauza mamiligalamu 6 okha kwa munthu wolemera makilogalamu 60.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi botolo lomwe "likugwira msanga". Zitsamba zikamathandiza, zimathandiza pang'ono komanso mwapang'onopang'ono. Shuga akagwa kwambiri m'masiku awiri, kayikirani. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linapezapo mankhwala akuchipatala a matenda a shuga monga glibenclamide ndi metformin atabisidwa m'zinthu zolembedwa kuti n'zachilengedwe. Munthu amene akumwa kale glibenclamide kapena kubaya insulin ndiye kuti akumwa mlingo wowirikiza osadziwa. Shuga akatsika kufika pansi pa 3.9 mmol/L pa kamakina koyezera shuga, pamabwera kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire, kenako kukomoka. Zikayamba, sungunulani magalamu 15 a shuga m'madzi, imwani, ndipo muyezenso pakatha mphindi 15.

Ngati mwatsimikizabe kuyesa, pitani nalo botololo kwa dokotala wanu aone ngati silikulimbana ndi mankhwala amene mukumwa, makamaka ngati impso kapena chiwindi zili ndi vuto. Mankhwala akuchipatala musasiye, ngakhale tsiku limodzi. Musanayambe, yezani shuga kwa sabata ziwiri, m'mawa musanadye ndiponso patatha maola awiri mutadya, n'kumalemba m'kabuku. Yezetsaninso magazi kuchipatala pa mayeso otchedwa HbA1c, chifukwa ndi imene imaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo kwa akuluakulu ambiri cholinga n'kukhala pansi pa 7 peresenti.

Kenako yambani botolo limodzi lokha, osasintha kadyedwe kapena masewera olimbitsa thupi nthawi yomweyo. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza: amasiya zotsekemera, ayamba kuyenda tsiku lililonse, shuga akatsika ulemu wonse n'kupita kwa kapisozi. Pakatha miyezi itatu yezetsaninso HbA1c. Ngati sinasunthe, musagulenso botolo lina.