Chilungulira, omeprazole ndi BP ya pamimba: maganizo anga

Pali mameseji awiri akuzungulira m'magulupu a WhatsApp kuno ku Mangochi, ena mwina mwawaona kale. Ina ikuti mayi woyembekezera akamamwa omeprazole, mankhwala a chilungulira aja, ndiye kuti wadziteteza ku BP ya pamimba ija achipatala amati preeclampsia. Inayo ikuti ayi, mankhwala omwewo ndi amene akuyambitsa BP. Ndiye amayi asokonezeka, ena akugula, ena akutaya, azibambo ali ku Joni nawonso akutumiza mabotolo a Gaviscon ndi mapaketi a mapilisi pa basi ngati ndi zovala za mwana. Ine ndikuona kuti mameseji onse awiriwa akutitayitsa nthawi, vuto lenileni lili pena.

Chilungulira pamimba si chachilendo ayi. Thupi limatulutsa mahomoni ofewetsa minofu, ndiye kakhomo kotseka pamwamba pa chifu kamalobodoka, kwinaku mwana akukula akukankha chifucho m'mwamba, asidi basi amabwerera kummero. Onjezerani kanyenya wamafuta, tsabola wa kambuzi, tiyi ndi mandasi, kenaka kugona pompo chifukwa cha kutopa ndi dzuwa lathu la mu Okutobala lija, mtima uchita kuyaka. Zoti mwana ali ndi tsitsi lambiri tizisiye kaye.

Nkhani yoti mankhwalawa amateteza siinangopekedwa kumene, ili ndi kochokera. Akatswiri a ku Melbourne, Australia, anayesa mankhwala a gulu la omeprazole mu labotale ndipo anaona kuti amachepetsa zinthu zina zomwe nsengwa yodwala imatulutsa n'kumaononga mitsempha ya mayi. Anthu anasangalala poti ndi mankhwala otchipa, opezeka paliponse. Koma usipa kuoneka pa nyali sikuti walowa mu chilimira. Atakayesa pa anthu enieni ku chipatala cha Tygerberg ku Cape Town, amayi 120 omwe anali kale ndi preeclampsia mimba isanakhwime, ena kuwapatsa esomeprazole, wa gulu lomwelo la omeprazole, 40mg tsiku lililonse ena kuwapatsa mapilisi opanda mankhwala, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti mankhwalawo sanathandize kuti mimba ipitirire masiku ochuluka.

Meseji yoopseza ija nayonso ili ndi kochokera. Ku Sweden anaunika zolemba za amayi oposa 150,000 ndipo mu 2019 anapeza kuti omwe anamwa mankhwalawa preeclampsia inkawapeza mochulukirako pang'ono, makamaka ya kumapeto kwa mimba, koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti omwe anamwa kupyola masabata 28 sinkawagwira kwambiri ija yobwera msanga. Mwaona? Pepala limodzi lomwelo, wina watolapo theka lomusangalatsa, wina watola theka loopsa. Komanso taganizani, ndani amadwala chilungulira kwambiri? Mayi wonenepa, mayi wa mapasa, omwewonso ndi amene BP imawakonda ngakhale asanamwe kanthu. Ndiye kuona piritsi ndi matenda pa munthu mmodzi sizitanthauza kuti piritsilo ndi lomwe labweretsa matendawo.

Tsono chomwe chimandiopsa ine ndi ichi. Preeclampsia ikafika poipa imakhudza chiwindi, ndipo mayi amamva kupweteka pachifuwa chakumunsi apa, pakati kapena kumanja pansi pa nthiti, nthawi zina ndi nseru ndi kusanza. Ndi malo omwewo omwe chilungulira chimamveka. Mayi akadandaula, apongozi amati ndi chilungulira chimenecho mwananga, tonse tinadutsamo, mwana atumidwa pa golosale kukagula Eno kapena asungunula soda m'kapu, amwa, agona. Mawa chimodzimodzi. Masiku akupita BP ikukwera mwakachetechete, mpaka tsiku lina mayi wangogwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, ndiye anthu ayambe kulozana zala kuti wamulodza ndani. Mankhwalawo sanamudwalitse, koma amuchedwetsa kunyumba, ndipo kwa munthu wa ku Makanjira kapena Katuli kuchedwa kwa tsiku limodzi si nkhani yamasewera mukaganizira ulendo wake wokafika pa boma, makamaka nthawi ya dzinja, pa njinga yamoto, usiku.

Kusiyanitsa kwake sikovuta kwenikweni. Chilungulira chimawotcha chokwera kummero, chimabwera mukadya kapena mukagona, mkamwa mumabwera madzi owawasa, mukamwa mankhwala chimaleka. Ululu winawu ndi wokhazikika, suleka ndi mankhwala, ndipo kawirikawiri umabwera ndi anzake: mutu woboola wosamva panado, kuona chimbuuzi kapena tinyenyezi m'maso, nkhope ndi manja kutupa mwadzidzidzi mpaka mphete kukana kuvuka, mkodzo kuchepa, mwana kusiya kusewera. Mimba ikapyola masabata 20, kuti miyezi isanu, chimodzi mwa izi chikaoneka nyamukani tsiku lomwelo, osadikira deti ya sikelo. Ndipo zoti kutupa nkhope ndi chizindikiro cha mapasa kapena mwana wamwamuna, chonde anthuni, tisamasekerere mayi akutupa.

Komanso ambiri samva kalikonse, ndi chifukwa chake makina oyezera BP aja ali ofunika kuposa mapilisi onse. BP ikafika 140/90 ndi yokwera, ikafika 160/110 ndi ngozi. Amayeza ndi mkodzo kuti aone ngati muli mapuloteni, zomwe zimasonyeza kuti impso zayamba kuvutika. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, kuyambira 2016 imati mayi azionedwa kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, osati kanayi ngati kale, koma ife timabisa mimba mpaka miyezi isanu ndi umodzi poopa maso a anthu. Mukapita kusikelo funsani anesi kuti BP yanga ili bwanji, aone kuti alemba manambala mu buku lanu, sikuchita mwano kumeneko.

Zomwe zimadziwika kuti zimathandizadi kupewa si za chilungulira ayi. Kwa amayi omwe ali pa chiopsezo, monga omwe anadwalapo mimba yapita, a shuga, a BP yakale, a impso, a mapasa, adokotala amatha kulemba asipirini wochepa mphamvu, koma akulembereni iwowo, osati kukatola pa okala chifukwa mwawerenga pano. Kashiamu nayenso amathandiza kwa amene sapeza wokwanira m'zakudya, ndipo apa ife a kunyanja tili ndi mwayi, usipa wodya ndi minga yomwe uja musaunyoze. Zikafika pokomoka kuchipatala amabaya mankhwala oletsa kuphupha otchedwa magnesium sulphate, ndipo kuchira kwenikweni ndi mwana ndi nsengwa kutuluka, ndiye akakuuzani kuti tiyambitsa matenda oti mubereke msanga kapena opaleshoni musathawe m'wodi usiku. Ngakhale mutachira kale, masabata oyambirira BP imatha kukwerabe, mutu ukamaboola bwererani.

Ndiye mankhwala a chilungulira timwe kapena tisamwe? Ine ndikuti ngati mwayezedwa ndipo anesi kapena adokotala akupatsani, imwani mopanda mantha, palibe chifukwa chogonera chokhala usiku onse. Koma soda yophikira thelere ija ayi, ili ndi mchere wa sodium wambiri, siyoyenera munthu amene tikumuopera BP ndi kutupa. Ranitidine, ya chilungulira ija amati Zantac, inachotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2020, ngati yatsalira m'kabati tayani. Brufen pamimba musamwe mwa nokha, amawonjezeranso moto m'chifu momwemo. China chomwe ambiri sauzidwa, mankhwala oziziritsa asidi amalepheretsa mapilisi owonjezera magazi aja kulowa bwino m'thupi, ndiye musamwere pamodzi, siyanitsani ndi maola awiri. Kudya pang'onopang'ono kangapo, kudya chamadzulo kukadali kowala, kutsamira pilo wokwera, zimenezi zimathandiza ndipo n'zaulere.

Azibambo, makamaka inu muli ku Joni, ndalama mukugulira mabotolo atatu a Gaviscon ija bwanji osaonjezerapo pang'ono n'kutumiza kamakina koyezera BP ka mabatire, kamodzi kangathandize amayi a mudzi onse. Ndikunena izi chifukwa mphwanga anapita kusikelo pa chipatala china chaching'ono ndi mutu ukumuwawa, anamuyeza kulemera, anamugwira pamimba, za BP anamuuza kuti makina alibe mabatire abwere mwezi wamawa. Tinachita kukwera naye kabaza kukayezetsa kolipira. Mabatire anayi okha, a makomiti a zaumoyo m'madera mwathu mumakambirana chani pa misonkhano yanu ija?